Phunziro la Mwezi Uno: Nzeru ya Darwin ndi Olanda Maiko a Eni

Makolo athu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Mau amenewa ali oona. Komatu kalumo kali ndi ntchito ziwiri, pakuti wometa ameta nako mnzake bwino, ndipo wachiwembu acheka nako pakhosi. Phunziro lathu la mwezi uno linena za nzeru ina imene inatuluka ku England m'chaka cha 1859, nifalikira m'maiko ambiri m'zaka zowerengeka. Nzeruyo iti zamoyo zisinthika pang'onopang'ono m'mibadwo yambiri, ndi kuti mitundu yatsopano ya nyama ndi zomera ituluka m'mitundu yakale. Ambiri aitcha chisinthiko. Masiku amene nzeruyi inali kufalikira ndiwo masiku omwewo amene maufumu a ku Ulaya anali kugawana maiko a eni, ndipo ziwirizi zinayendera limodzi. Tiyenera kudziwa mbiri yake, pakuti ana athu aphunzira chisinthiko kusukulu, ndipo bodza limene linaberekedwa pamsana pake, lakuti mtundu wina wa anthu uli wapamwamba ndi wina wapansi, silinafe konse kufikira lero lino.

1. Ulendo wa Darwin

Charles Darwin anabadwa ku England m'chaka cha 1809. Atate wake anafuna kuti akhale sing'anga, ndipo zitakanika anamtumiza ku Cambridge kuti akonzekere ntchito ya ubusa. Koma mtima wa mnyamatayo unali pa tizilombo, miyala ndi mbalame. Pa 27 December 1831 anakwera ngalawa ya boma la Angerezi, dzina lake Beagle, nayenda nayo kuzungulira dziko lapansi kufikira chaka cha 1836. Ngalawayo inatumidwa kukalemba mapu a magombe a South America, kuti ngalawa za malonda ndi za nkhondo za Angerezi zidziyenda bwino. Chotero kuyambira pachiyambi pomwe, ufumu ndiwo unanyamula wofufuzayo ndi kumfikitsa kumene anakatola mafupa, mbalame ndi zomera zake.

Paulendopo anaona zambiri za anthu. Ku Brazil anaona akapolo alikuzunzidwa, nanyansidwa nazo moyo wake wonse, kotero kuti anakangana ndi mkulu wa ngalawayo, Robert FitzRoy, amene anati akapolowo ali okondwa. Ku Argentina m'chaka cha 1833 anapeza asilikari a kazembe Rosas alikupha eni dziko kuti atenge mabusa ao. Ku Tasmania m'chaka cha 1836 anapeza kuti eni chisumbucho, otsala ochepa, anachotsedwa natayidwa pa kachisumbu kena. Ndipo atangochoka ku Cape Town, iye ndi FitzRoy analemba kalata yoyamika ntchito ya amishoni a ku Tahiti, imene inasindikizidwa komweko chaka chomwecho.

Munthu winanso, Alfred Russel Wallace, anakhala zaka 8 m'zisumbu za kum'mawa zolamulidwa ndi Adatchi ndi Angerezi, alikutola tizilombo ndi mbalame. M'chaka cha 1858 anatumiza kwa Darwin kalata yofotokoza nzeru yomweyo imene Darwin anaisunga mumtima zaka 20. Pamenepo Darwin anafulumira, natulutsa buku lake, On the Origin of Species, pa 24 November 1859, itangopita miyezi iwiri David Livingstone atafika pa nyanja yathu ino.

2. Chimene Darwin anaphunzitsa

Chiphunzitso chake chili ndi mfundo zitatu, ndipo mlimi ali yense azidziwa. Yoyamba, ana a make mmodzi safanana ndendende. Mwa anapiye a thadzi limodzi wina ali waliwiro, wina wofooka, wina wa maanga obisika m'udzu. Yachiwiri, obadwa achuluka koposa amene chakudya ndi malo zingathe kuwasunga. Nsomba iikira mazira osawerengeka, koma zokula ndi zochepa. Mfundo imeneyi anaitenga kwa Thomas Malthus, mbusa amene anali kuphunzitsa anyamata okalamulira India. Yachitatu, amene ali nako kanthu kowathandiza pamalo pamene akhala ndiwo apulumuka, nabala, napatsira ana ao kanthuko. Amai posankha mbeu atenga ngala zazikulu ndi zokhwima nazipachika pautsi, ndipo chaka ndi chaka chimanga chao chikoma. Darwin anati chilala, matenda ndi zilombo zisankhanso motero popanda dzanja la munthu, ndipo ikapita mibadwo yambirimbiri mtundu usanduka wina.

Zina za izi tiziona ndi maso athu. M'nyanja yathu muli mitundu mazana ambiri ya nsomba zapachibale, monga chambo, utaka ndi mbuna, ndipo zambiri mwa izo sizipezeka kwina kuli konse. Tizilombo ta malungo tinasinthika kufikira mankhwala a chloroquine analeka kutipha, kotero kuti boma la Malawi linasintha mankhwalawo m'chaka cha 1993.

Tsono samalirani ichi, pakuti apa ndipo pagona nkhani yonse. Wopulumuka m'chiphunzitsochi ndiye woyenera malo ake, angakhale ali wamng'ono kapena wonyansa. Chambo ndi mlamba, wapamwamba ndani? M'madzi oyera chambo akondwa; koma dziwe likaphwa, chambo afa ndipo mlamba apirira m'matope. Chithunzi chimodzi chokha chimene Darwin anaika m'buku lake chinali chonga mtengo wa nthambi zambiri, ndipo pa mtengo nthambi ya kum'mawa siiposa ya kumadzulo.

3. Makwerero a mitundu ya anthu

Komatu Azungu ambiri a masiku aja anali nao kale makwerero m'mitima mwao. Anadziika okha pamwamba, anthu a ku Asia pakati, ndi anthu akuda pansi. Makwerero amenewa anamangidwa Darwin asanalembe kanthu, pakuti ogula ndi kugulitsa anthu anafuna chodzikhululukira nacho. Ena anapotoza Buku Lopatulika, nati anthu akuda ndiwo ana a Hamu otembereredwa, ngakhale pa Genesis 9 wotembereredwa ndiye Kanani, ndipo za khungu sizitchulidwapo. Ena, monga Samuel Morton wa ku Philadelphia, anayesa zigaza za anthu akufa kuti aonetse kuti nzeru zisiyana monga mwa mtundu. Louis Agassiz, mphunzitsi womveka wa ku Harvard amene anatsutsa Darwin kolimba, anaphunzitsa kuti akuda ndi oyera analengedwa padera, ndipo sali a kholo limodzi.

Darwin anakana zimenezo. M'buku lake la 1871, The Descent of Man, anati anthu onse ali amodzi, otuluka kwa makolo amodzi, ndipo anaganiza kuti makolowo anakhala mu Africa. Analinso wopereka ndalama ku mishoni ya kwa anthu a ku Tierra del Fuego, amene poyamba anawayesa osatheka kuphunzitsidwa. Koma sitingathe kumyeretsa konse, pakuti m'buku lomwelo anaika mitundu ina pamwamba pa inzake m'nzeru ndi m'makhalidwe, nanenera kuti m'tsogolo mitundu yotchedwa yotsogola idzatha mitundu imene iye anaitcha yakutchire. Zimene anaona ku Argentina ndi ku Tasmania zinali ntchito za mfuti ndi umbombo, koma anazilemba monga ngati zili lamulo la chilengedwe.

4. Mmene amphamvu anaigwirira nzeruyi

Maufumu sanayembekeze Darwin kuti ayambe kulanda maiko. Apwitikizi anakhala ku Sena ndi ku Tete zaka 300 iye asanalembe buku lake. Chimene anafuna ndicho minyanga, mpira, golidi, nthaka ndi manja ogwira ntchito. Koma wolanda ali yense afuna mau otonthoza chikumbumtima chake, ndipo nzeru yatsopanoyi inawapatsa mau omveka ngati a anthu ophunzira.

Herbert Spencer, wolemba mabuku Mngerezi, ndiye anapeka m'chaka cha 1864 mau aja ofala onena za kupulumuka kwa oyenera koposa, ndipo ambiri anawamva ngati akuti wamphamvu adye wofooka. Francis Galton, msuwani wa Darwin, anaphunzitsa kuti anthu aswanitsidwe mosankha monga ng'ombe. Ndipo m'chaka cha 1873 analemba m'nyuzipepala ya ku London kuti anthu a ku China adzakhazikidwe kum'mawa kwa Africa, kuti achuluke ndi kulowa m'malo mwa eni dziko. M'zaka za 1884 ndi 1885 maufumu anasonkhana ku Berlin napangana za kagawidwe ka Africa, popanda ndi mmodzi yemwe wa mafumu a mu Africa. Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Angerezi pamene dziko lino linalowa m'manja mwao m'chaka cha 1891, analalikira m'chaka cha 1898 kuti maiko ali a magulu awiri, amoyo ndi olinkufa, ndi kuti amoyo adzalowerera malire a olinkufawo. Ndipo m'chaka cha 1900 Karl Pearson, wophunzira wa Galton, anati mtundu wa anthu upita patsogolo mwa nkhondo ya fuko ndi fuko.

Taonani zipatso zake. Ku Namibia, kuyambira 1904 kufikira 1908, Ajeremani anapitikitsira Aherero m'chipululu natseka zitsime, ndipo otsala, pamodzi ndi Anama, anawatsekera m'misasa ya imfa. Anafa anthu zikwi makumi ambiri. Zigaza za ena zinatumizidwa ku Berlin kuti akaziyese; 20 mwa izo zinabwezedwa m'chaka cha 2011, ndipo m'chaka cha 2021 boma la Germany linavomera kuti kunali kupulula mtundu. Eugen Fischer, amene anayesa matupi a anthu a ku Rehoboth m'chaka cha 1908, anadzakhala mkulu wa ofufuza za mitundu m'masiku a Hitler. Ndipo chiphunzitso chimene chinayesedwa pa anthu akuda chinabwerera kwao, nichithandiza kupha Ayuda 6 miliyoni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ku Tasmania, mai wina dzina lake Truganini anamwalira m'chaka cha 1876, atapempha kuti mtembo wake usachekedwe. Koma mafupa ake anaonetsedwa kwa anthu ku Hobart kufikira 1947. Ku New York m'chaka cha 1906, mnyamata wa ku Congo, Ota Benga, anaikidwa m'nyumba ya anyani pamalo oonetsera nyama, ndipo makamu a anthu anadza kudzampenya. Amene anaimirira kumlanditsa ndiwo abusa akuda a mumzindamo. Pambuyo pake anakakhala ku Lynchburg, mudzi womwewo umene John Chilembwe anaphunzirako zaubusa, ndipo m'chaka cha 1916, atataya chiyembekezo cha kubwerera kwao, anadzipha.

5. Mmene mitundu ina inailandirira

Nzeruyi inayenda msanga. Buku la Darwin linamasuliridwa m'Chijeremani m'chaka cha 1860, m'Chifalansa 1862, ndi m'chinenero cha ku Russia 1864. Kunja kwa Ulaya inafika kwa anthu amene anali kuona ngalawa za nkhondo pamagombe ao, ndipo iwo anaimva ndi makutu a munthu woopsezedwa.

Kwa Aarabu inalowera pa sukulu ya mishoni. Ku Beirut kunali sukulu yaikulu ya amishoni a ku America, ndipo m'chaka cha 1882 mphunzitsi wina, Edwin Lewis, anayamika Darwin pamaso pa ophunzira. Akulu a mishoni anakwiya, ndipo Lewis anachoka pantchito. Ophunzira ananyanyala, ndipo Cornelius Van Dyck, amene anamasulira Buku Lopatulika m'Chiarabu, anasiyanso ntchito pogwirizana ndi mnzakeyo. Aphunzitsi awiri Achiarabu, Yaqub Sarruf ndi Faris Nimr, anasamukira ku Cairo ndi nyuzipepala yao ya za nzeru, al-Muqtataf, nafalitsa chisinthiko kwa owerenga ambiri. Ndipo pambuyo pake anayambitsa nyuzipepala ina yokometsera ulamuliro wa Angerezi mu Egypt. Mwa Asilamu ena anaikana nzeruyi, monga Jamal al-Din al-Afghani. Ena, monga Husayn al-Jisr, anati ikatsimikizika siingathe kuchotsa Mlengi.

Ku Japan inafika ndi mphunzitsi wa ku America, Edward Morse, m'chaka cha 1877. Kato Hiroyuki, mkulu wa sukulu yaikulu ya ku Tokyo, amene kale anaphunzitsa kuti munthu ali yense abadwa nao ufulu, anatembenuka m'chaka cha 1882, nati ufulu uchokera kwa amphamvu. Akulu a dzikolo anaona kuti kuli bwino kudya kusiyana ndi kudyedwa. Anasula zida, natenga Taiwan m'chaka cha 1895 ndi Korea m'chaka cha 1910. Wothawa mkango anasanduka mkango kwa anansi ake.

Ku China, Yan Fu, amene anaphunzira za ngalawa za nkhondo ku Greenwich, anaona dziko lake litagonja kwa Japan m'chaka cha 1895. Anamasulira buku la Thomas Huxley, bwenzi la Darwin, nalitulutsa m'chaka cha 1898 monga mfuu yodzutsa anthu a kwao, kuti akapanda kusintha adzatha. Chodabwitsa ndi ichi: Huxley mwini wake anaphunzitsa m'bukulo kuti ubwino wa munthu uli pa kukana nkhanza za m'thengo ndi kuthangata ofooka, koma anyamata a ku China anagwira makamaka mau a kulimbana, pakuti ndiwo anafanana ndi zimene anali kuziona.

Panalinso ena amene anatenga kalumo komweko nadula nako makwerero aja. Anténor Firmin, munthu wakuda wa ku Haiti, anakhala m'bungwe la oyesa zigaza ku Paris, namva zonse zimene anali kunena za mtundu wake. M'chaka cha 1885 anatulutsa buku lalikulu loonetsa kuti miyeso yao inali yokhota, ndi kuti mitundu yonse ya anthu ilingana. Ndipo Peter Kropotkin wa ku Russia, ataona nyama za m'dziko lozizira la Siberia, analemba m'chaka cha 1902 kuti zamoyo zothandizana ndizo zipulumuka koposa zolimbana zokhazokha.

6. Mlendo amene anafika kuno

Nzeruyi inaponda ndi nthaka yathu yomwe. Henry Drummond wa ku Scotland anali mlaliki wa Uthenga Wabwino ndiponso mphunzitsi wa za chilengedwe pa sukulu ya abusa ku Glasgow, ndipo anakhulupirira kuti chisinthiko ndiyo njira imene Mulungu agwirira ntchito. M'chaka cha 1883 anatumidwa ndi mmodzi wa eni African Lakes Company kudzaona dziko lino. Anakwera Zambezi ndi Shire, nafika ku Blantyre ndi kunyanja, napenyetsetsa chiswe ndi tizilombo todzifanizira ndi masamba. M'buku lake la 1888, Tropical Africa, anadzudzula kolimba malonda a akapolo; komanso analemba za makolo athu monga ngati ali ana, chithunzi cha munthu wakalekale amene anatsalira m'mbuyo. Sanamve chinenero chao, sanadziwe milandu ya pabwalo, kapena luso la osula ndi oomba nsalu. Pambuyo pake, m'chaka cha 1894, anaphunzitsa kuti pamodzi ndi kulimbanira moyo wa iwe mwini palinso kulimbanira moyo wa ena, monga achitira make wa mwana. Mwa munthu mmodzi ameneyu tiona zonse ziwiri, chifundo choona ndi makwerero aja. Ndipo Azungu ambiri okoma mtima a masiku aja anali otero.

7. Umboni wa mafupa ndi wa mwazi

Tsono nzeru yomweyo, itakula, inagwetsa makwererowo. M'chaka cha 1921 okumba mgodi ku Kabwe, m'dziko la Zambia, anapeza chigaza cha munthu wakalekale. Anapita nacho ku London, ndipo boma la Zambia lapempha kuti chibwezedwe. M'chaka cha 1924 ku Taung, mu South Africa, kunapezeka chigaza cha kamwana, ndipo Raymond Dart anati ndi cha mtundu wa makolo a anthu. Akatswiri a ku England anamnyoza, pakuti anali nacho chao chigaza cha ku Piltdown, chimene chinawakondweretsa poonetsa ngati munthu wanzeru anayambira kwao. M'chaka cha 1953 kunadziwika kuti chigaza cha ku Piltdown chinali chachinyengo, mutu wa munthu wolumikizidwa ndi nsagwada ya nyani. Ndipo m'chaka cha 1991 ku Uraha, m'boma la Karonga, kunapezeka nsagwada imene akatswiri aiwerengera zaka zoposa 2 miliyoni.

Lero ofufuza za mwazi ndi za chibadwa avomerezana kuti anthu onse a pa dziko lapansi ali banja limodzi, ndi kuti banjalo linayambira mu Africa, ena natulukamo kukadzaza maiko ena. Anthu awiri ali onse afanana m'chibadwa chao pafupifupi magawo 999 mwa 1,000. Khungu lakuda litchinjiriza munthu kumene dzuwa liwala kolimba, ndipo loyera lithandiza kumene dzuwa lichepa. Za nzeru kapena za mtima khungu silinenapo kanthu. M'chaka cha 1950, dziko litaona zimene anachita Hitler, bungwe la UNESCO linalengeza kuti palibe umboni wakuti mtundu wina ubadwa wanzeru koposa unzake. Iwo amene anaika Africa pansi pa makwerero anali kunyoza kwao kwa agogo ao.

8. Zimene tiphunzirapo

Choyamba, Akristu sanakhale a mtima umodzi pa chisinthiko. Charles Hodge wa ku Princeton anachikana m'chaka cha 1874, nati chichotsa Mulungu. Asa Gray, Mkristu wodziwa za zomera, anachilandira. Momwemonso Frederick Temple, amene anadzakhala mkulu wa mabishopu ku Canterbury. Darwin mwini anaikidwa m'nyumba ya Mulungu ya Westminster m'chaka cha 1882. Papa Pius XII m'chaka cha 1950 analola kuti za thupi la munthu zifufuzidwe, nati mzimu ulengedwa ndi Mulungu. Chifukwa chake mwana akabwera nazo izi kuchokera kusukulu, musamthamangitse ngati wachikunja. Khalani naye pansi, nimumthandize kusiyanitsa funso lakuti zamoyo zinasinthika bwanji ndi funso lakuti munthu akhale bwanji ndi mnzake.

Chachiwiri, chimene chichitika m'thengo sichikhala lamulo la pamudzi. Inde, kabawi agwira mwanapiye; koma munthu wolanda munda wa mkazi wamasiye sangathe kunena pabwalo kuti ndatsanza kabawi. Akulu anati kali kokha nkanyama, tili awiri ntiwanthu. Umunthu uyamba pamene wamphamvu aleka kudya wofooka nayamba kumsenza.

Chachitatu, tisaloze ophunzira okha chala. Mtima wofuna kulanda utola chida chili chonse chimene uchipeza pafupi, kapena buku la Darwin, kapena Buku Lopatulika. Ku South Africa ambiri amene anamanga tsankho la apartheid kuyambira 1948 anali okana chisinthiko, ndipo abusa ao analiteteza ndi mavesi. Mpingo wa Dutch Reformed unavomera m'chaka cha 1986 kuti kutero kunali kulakwa. Mtumwi Paulo anauza anthu a ku Atene, amene anadziyesa opambana mitundu yonse, kuti anthu onse ali a chiyambi chimodzi. Pamene Mpingo unagwira mau amenewo unalanditsa anthu, monga abusa aja a ku New York. Pamene unawaiwala unadalitsa olanda.

Chachinai, makwerero aja angathe kumangidwanso pakati pa ife tokha. Pamene munthu anena kuti a fuko lakuti ndi opusa chibadwire, kapena a chigawo chakuti sayenera udindo. Pamene wolemera ati osauka asauka chifukwa ali ofooka. Pamene mwana wachialubino kapena wopunduka ayesedwa wosakwanira umunthu, pamenepo chiphunzitso cha Galton ndi Pearson chilikulankhula m'chinenero chathu. Ndipo pamene munthu wakuda adzipeputsa yekha, nati nzeru ndi ya Azungu, alikusenza katundu amene eni ake ophunzira anamtula kale. Tiyeni tiyese zonse, za alendo ndi zathu zomwe, ndi muyeso uwu: kodi mau awa amchitira chiyani wamng'ono wa onse pamudzi?

Mafunso a pa msonkhano wa pakati pa sabata

1. Tchulani mfundo zitatu za chiphunzitso cha Darwin, nimupereke fanizo la kumunda kapena la kunyanja.
2. Kodi fanizo la chambo ndi mlamba litiphunzitsa chiyani za mau akuti wapamwamba ndi wapansi?
3. Makwerero a mitundu ya anthu anamangidwa liti, ndipo anamangidwa chifukwa ninji?
4. Fotokozani kusiyana kwa njira imene anatsata Kato Hiroyuki ndi imene anatsata Anténor Firmin.
5. Kodi mafupa a ku Kabwe, ku Taung ndi ku Karonga anaonetsa chiyani?
6. Ndi anthu ati m'mudzi mwanu amene aikidwa pansi pa makwerero, ndipo Mpingo uwachitire chiyani mwezi uno?